Barbuda, chilumba chimene malo ake sankagulitsidwa

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, m'chigawo cha zilumba chotchedwa Caribbean, kuli kachilumba kena dzina lake Barbuda. Ndi kutali zedi ndi Ulónguè kapena Metangula, ndipo ambiri mwa owerenga tsamba lino sanakamvepo n'komwe. Koma mlandu umene uli kumeneko ndi wa malo, ndipo mlandu wa malo munthu wa kumudzi amaumva msanga ngakhale uchitikire kutali.

Wopita ku Barbuda amayamba wafika pa chilumba china chokulirapo, Antigua, pamene pali likulu la dziko, mzinda wa St John's. Zilumba ziwirizi zili pansi pa boma limodzi. Kuchoka ku St John's boti limayenda pafupifupi ola limodzi ndi theka kulowera kumpoto, ulendo woposa makilomita 40. Munthu amayang'ana kutsogolo nthawi yaitali osaona mtunda, chifukwa chilumbachi n'chathyathyathya ngati mphasa. Palibe phiri, ndipo pamalo okwera kwambiri sipafika ndi mamita 50 omwe. Choyamba kuoneka ndi mzere woyera wa mchenga, kenaka tchire lalifupilifupi. Penapake mchengawo ndi wofiirira chifukwa cha tizigoba ta m'nyanja tophwanyikaphwanyika, ndipo gombe limapitirira mpaka maso kutopa, popanda nyumba ngakhale imodzi.

Mudzi ulipo umodzi wokha, Codrington, ndipo anthu a pachilumba chonse ndi pafupifupi 2,000. M'misewu mumayenda abulu ndi akavalo opanda mbusa. Amuna ambiri ndi asodzi. Amagwira nsomba ndi nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zija a Chipwitikizi amati lagosta, zimene amagulitsa ku zilumba zina. Ena amapita kutchire kukasaka agwape ndi nguluwe, ena amalima timinda ta mbatata, chimanga ndi nandolo pamene dothi lalola.

Kumadzulo kwa mudziwo kuli thamanda lalikulu la madzi amchere, Codrington Lagoon, lolekanitsidwa ndi nyanja ndi kamzere ka mchenga. M'mbali mwake muli mitengo yomera m'madzi, imene kugombe la Moçambique amaitcha mangal. M'mizu ya mitengo imeneyi ndimo mumakulira tiana ta nsomba ndi ta lagosta tisanatulukire kunyanja. Pamwamba pake pamakhala zikwi za mbalame zakuda za mapiko ataliatali, zotchedwa frigate. Nyengo yoswana ikafika, yamphongo imafufumitsa thumba lofiira la pakhosi pake ngati chibaluni kuti ikope yaikazi. Eni maboti a m'mudzimo amapeza ndalama potengera alendo kukaona mbalamezi. Mu 2005 thamandali linalembedwa m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la maiko la Ramsar.

Kuti munthu amvetse mlandu wa lero ayenera kubwerera m'mbuyo. Mu 1685 mfumu ya ku England inabwereketsa chilumba chonse kwa banja la azungu la a Codrington, ndipo lendi yake inali nkhosa imodzi yonenepa pachaka. Banjali linali ndi minda ya nzimbe ku Antigua. Ku Barbuda nzimbe sizinkachita bwino chifukwa dothi n'lochepa ndipo mvula ndi yosowa, tsono akapolo ochokera ku Africa anaikidwa kumeneko kuti aziweta ziweto, kulima chakudya ndi kuwedza nsomba zodyetsa a kuminda ya nzimbe. Ukapolo utatha mu 1834, boma la Britain linapereka chipukutamisozi kwa eni akapolo, pamene akapolowo sanalandire kanthu, ngakhale kachigawo ka munda. Iwo anangokhalabe pomwepo, kumalima, kumasaka ndi kumaweta pa nthaka imene makolo awo anaikidwa m'manda. A Codrington anachoka mu 1870, koma anthu aja anatsala.

Kuyambira pamenepo mwambo unakhazikika wakuti nthaka ya Barbuda ndi ya onse obadwira kumeneko pamodzi ndi zidzukulu zawo. Wofuna pomanga nyumba kapena polima amapempha, napatsidwa, osalipira. Nyumba ndi yake, koma nthaka sangaigulitse. Ngakhale mwana wa pachilumbapo amene anakulira ku New York kapena ku Leicester amadziwa kuti tsiku lobwerera kwawo malo adzawapeza. Pamene dziko linkalandira ufulu wodzilamulira mu 1981, anthu ambiri a ku Barbuda sanafune kuphatikizidwa ndi Antigua, ndipo chimene ankaopa kwambiri chinali nthaka yomweyi. Mantha awo anachepako mu 2007, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Barbuda Land Act. Lamuloli linalemba poyera kuti nthaka yonse ndi ya anthu a ku Barbuda pamodzi, kuti singagulitsidwe, ndiponso kuti ntchito yaikulu iliyonse ya chitukuko iyenera kuvomerezedwa ndi anthuwo isanayambe.

Komatu gombe lopanda anthu ndi limene olemera a pa dziko lapansi amalifunafuna. Kummwera kwa chilumbachi kunali hotela yakale, K Club, kumene malemu Princess Diana ankapita kukapuma ndi ana awo m'zaka za m'ma 1990. Hotelayo itatsekedwa, katswiri wa mafilimu wa ku America, Robert De Niro, pamodzi ndi mpondamatiki wa ku Australia, James Packer, anabwera ndi pulani yomanga malo atsopano ogona alendo otchedwa Paradise Found, a ndalama zokwana madola 250 miliyoni. Pa msonkhano wa m'mudzi mu 2015 ovomereza anapambana pang'ono, koma otsutsa anadandaula kuti chisankhocho sichinayende mwa dongosolo. Chaka chomwecho boma la a Gaston Browne, amene anakhala nduna yaikulu mu 2014, linapanga lamulo lapadera la ntchito imeneyi yokha, lolambalala zina mwa zimene lamulo la 2007 linkafuna. Anthu a ku Barbuda analibe mphamvu yoletsa, pakuti pa mipando 17 ya aphungu osankhidwa, wao ndi umodzi basi.

Kenaka kunadza tsoka. Usiku wa pa 5 kuchera pa 6 Sepitembala 2017, namondwe wotchedwa Irma anadutsa pakati penipeni pa chilumbachi ndi mphepo yothamanga makilomita oposa 280 pa ola. Amene anaona Idai mu 2019 kapena Freddy mu 2023 akudziwa m'mene mudzi umaonekera kukacha. Pa nyumba 10 zilizonse, 9 zinaonongeka, ndipo mwana wa zaka ziwiri anamwalira. Kamzere ka mchenga koteteza thamanda lija kanang'ambika. Patangopita masiku awiri kunamveka kuti namondwe wina, Jose, ali m'njira, choncho boma linalamula kuti aliyense asamutsidwire ku Antigua. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zoposa 300, pa Barbuda panalibe munthu wokhalapo. Ena anasungidwa ndi achibale, ena anagona m'bwalo la masewera a cricket la Sir Vivian Richards.

Jose anapatuka, sanagunde chilumbachi. Lamulo lowasamutsa linachotsedwa kumapeto kwa mwezi womwewo, koma magetsi, sukulu ndi chipatala zinatenga miyezi kuti ziyambenso, kotero kuti mabanja ambiri anachedwa kubwerera. Amene anayamba kufika anapeza makina akugwetsa nkhalango pakati pa chilumba, malo amene anthu ankasakako nyama ndi kulimako. Pamenepo pankamangidwa bwalo la ndege latsopano, lalikulu lokwanira ndege za anthu olemera. Chinawawa anthu n'chakuti ntchito imeneyo inkathamanga pamene nyumba zawo zinali zikadali zopanda denga.

Nthawi yomweyo a Browne analengeza kuti aliyense wa ku Barbuda akhoza kugula malo amene nyumba yake ili pa mtengo wa dola imodzi, napatsidwa chikalata cha umwini. Anati chikalatacho chidzathandiza munthu kukongola ndalama kubanki zomangiranso nyumba, ndipo anaumirira kuti nthakayo ndi ya boma kuyambira kale. Ambiri anakana. Iwo anafunsa kuti munthu angagule bwanji chinthu chake chomwe, ndipo anaona patali kuti malo amene ali ndi chikalata cha munthu mmodzi akhoza kugulitsidwa mawa, kapena kulandidwa ndi banki ngongole ikakanika. Anaonanso kuti akalandira kachigawo ka pakhomo, tchire lonse ndi magombe onse zidzatsala m'manja mwa boma kuti lipereke kwa amene lafuna. Mu 2018 nyumba ya malamulo inafafaniza lamulo lija la 2007.

Lero woyenda kummwera kwa chilumbachi amakumana ndi zipata ndi alonda pamalo amene kale munthu ankangodutsa. Ku Coco Point ndi ku Palmetto Point kampani ya Peace Love and Happiness, imene mmodzi mwa eni ake ndi mpondamatiki wa ku America John Paul DeJoria, inatenga malo pa lendi ya zaka 99 n'kuyamba kumanga Barbuda Ocean Club, mudzi wa nyumba zodula mamiliyoni a madola. Ku Palmetto Point anakonza bwalo la gofu, masewera omenya kampira kakang'ono ndi ndodo, amene amafuna kapinga wothiriridwa tsiku ndi tsiku pa chilumba chosowa madzi. Mbali ina ya malowo ili m'dera lotetezedwa lija la Ramsar. Otsutsa akuti milu ya mchenga ndi mitengo ya kugombe ndiyo imatchinga mudzi namondwe akabwera, ndiponso kuti feteleza ndi mankhwala a pa kapinga zikalowa m'thamanda, nsomba ndi lagosta zidzachepa. Mu 2022 akatswiri a za ufulu wa anthu a bungwe la United Nations nawonso anachenjeza za ntchito imeneyi.

A kampani ali ndi yankho lawo. Akuti Palmetto Point anaipeza itaonongeka kale, chifukwa kwa zaka zambiri mchenga wa kumeneko unkakumbidwa ndi kugulitsidwa kunja, ndipo izi n'zoona. Akutinso akubwezeretsa zomera ndipo alemba ntchito anthu ambiri. Nawo anthu a m'mudzi sali pa mawu amodzi. Alipo amene akulandira malipiro kumeneko mwezi ndi mwezi ndipo safuna kumva zoti ntchito iime, pakuti ufulu wa malo sugula buku la mwana wa sukulu. M'banja limodzi mumapezeka wina wogwira ntchito kuhotela, wina wopita ku misonkhano ya otsutsa. Otsutsawo amati iwo sakana alendo kapena mahotela, popeza mahotela ang'onoang'ono analipo kuyambira kale. Chimene akukana ndi kupangiridwa zinthu osafunsidwa, ndi kusanduka antchito pa nthaka imene anali eni ake.

Mlanduwu unafika mpaka ku London, ku khoti la Privy Council, limene ndi khoti lomaliza la apilo la dzikolo. Mu Juni 2022 a Trevor Walker, phungu wa Barbuda, ndi a MacKenzie Frank anagonja pa mlandu wa Paradise Found. Oweruza anati lamulo la 2007 silinapatse munthu payekha umwini umene angaulirire chipukutamisozi. Koma mu Febuluwale 2024 khoti lomwelo linakomera anthu ena awiri, a John Mussington, katswiri wa zamoyo za m'nyanja amene anakhalapo mkulu wa sukulu ya sekondale pachilumbapo, ndi mayi Jacklyn Frank, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Iwo anadandaula mu 2018 kuti bwalo la ndege linayamba kumangidwa popanda kutsata malamulo oteteza chilengedwe, ndipo boma linati awiriwa alibe gawo pa nkhaniyo. Oweruza a ku London anati munthu wokhala pamalopo, wodziwa malowo ndi wowadera nkhawa moona, ali ndi ufulu woimika boma pa khoti. Chigamulochi chinatsegula khomo kwa anthu a zilumba zina za Caribbean. Koma pomwe chinkaperekedwa n'kuti nkhalango ija itagwa kale, ndipo bwalo la ndege linatsegulidwa mu Okutobala 2024. Madzi akatayika saoleka.

Mabanja a m'maboma a m'malire amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera mu 1993 ndi 1994 akudziwa nkhawa ya munthu amene wasiya munda wake osadziwa kuti akaupeza uli m'manja mwa yani. Lamulo la malo la Moçambique la mu 1997 linanena kuti nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, kuti mudzi wokhala pamalo mwa mwambo wa makolo uli ndi ufulu ngakhale ulibe pepala, ndiponso kuti anthu ayenera kufunsidwa malo asanaperekedwe kwa wamalonda. Anthu a ku Barbuda analinso ndi lamulo lonena zofanana ndi zimenezi, ndipo linakhala zaka 11 zokha. Tsono pamene amfumu kapena a administradori aitanitsa msonkhano wa malo, kaya ndi ku gombe la nyanja ya Niassa kaya ndi kudambo la kumudzi, ndi bwino kusiya khasu tsiku limenelo n'kupita. Kumeneko munthu afunse kuti malire adutsa pati, lendi ndi ya zaka zingati, njira ya kumadzi ndi ya kumanda itsala yotsegula kapena ai, ndipo zonse zilembedwe asanadinde chala. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.