Masiku Awiri pa Hotelo ya Pakati pa Blantyre



Mwana wathu wachisamba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg monga achitira anyamata ambiri a kwathu kuno ku Mangochi, anaimba lamya mu July 2024 nati watilipirira chipinda cha masiku awiri pa hotelo ina yapamwamba pakati pa mzinda wa Blantyre. Anati imeneyi ndi mphatso yathu pokwanitsa zaka 32 tili m'banja. Mayi ake atamva sanakondwere ayi. "Ndalama zonsezo bwanji osagulira malata a khitchini? Tikagone ku hotelo ngati tilibe nyumba?" Inenso ndinali ndi nkhawa yanga imene sindinaitulutse. Kwathu kuno dzina lakuti hotelo limamveka pamodzi ndi mowa, nyama ya nkhumba ndi zina zosatchulika pamaso pa ana, tsono ndinkadzifunsa ngati Msilamu angagone kumeneko nabwerako swala zake zili zokwanira. Koma ndalama zinali zitapita kale, ndipo kukana mphatso ya mwana n'kumuswa mtima.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa pa minibasi, kudzera ku Ulongwe, Liwonde pamene msewu uwoloka mtsinje wa Shire, Zomba, Namadzi mpaka Limbe, ulendo wa makilomita pafupifupi 190. Pochoka ku Limbe tinatsika ndi msewu wa Chipembere, wotchedwa dzina la malemu Masauko Chipembere amene anali phungu wa kwathu pamene Mangochi ankatchedwa Fort Johnston. Chimene chinatilonjera choyamba ndi chisanu. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 pomwe ife a kunyanja sitifika ngakhale 500, ndipo tsikulo kunali chiperoni, kamvula kowaza kosaleka kaja. Wopita kumeneko mu June kapena July asasiye juzi.

Hoteloyo sindiitchula dzina, pakuti sindikuitsatsa malonda. Pakhomo panaima mnyamata wovala jekete amene anatilanda chikwama, ndipo mayi akunyumba anachigwiritsa kaye mpaka nditawatsinzinira diso. Mkati munali mowala ngati masana, pansi poterera, maluwa m'miphika ikuluikulu, kanyimbo kakulira chapansipansi kosadziwika kumene kakuchokera. Ine ndinali mu kanzu ndi kofia, iwo mu hijabu yawo yakuda. Ndinayembekeza kuti anthu atiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koma palibe anatembenuka. Mtsikana wa pa kauntala anatipatsa kakhadi m'malo mwa kiyi, natilowetsa mu chikepe. Chikepecho chitanyamuka mayi anagwira mkono wanga nanena Bismillah mokweza, moti mzungu amene tinali naye anamwetulira.

M'chipinda ndi mmene munali mayeso enieni. Bedi linali lalikulu loti n'kugona ana asanu, nsalu zoyera mbee, galasi khoma lonse. Koma nditatsekula kafiriji ka pakona ndinapeza mabotolo a mowa atandandalikidwa pamodzi ndi madzi ndi zakumwa zina. Ndinakatseka msanga ngati muli njoka. Ndinakhala pabedi ndikulingalira ngati n'koyenera kuswali m'chipinda chotere, kufikira mayi anati, "Abambo, pakamwa muli napo. Auzeni achotse." Ndinaimba nambala ya ku kauntala, ndipo pasanathe mphindi khumi munthu anabwera ndi thireyi natenga zonse, osafunsa chifukwa. Manyazi anga okha ndiwo akanandigoneka ndi mowa usiku wonse.

Chachiwiri chinali chimbudzi. N'chokongola, koma anachikonzera anthu ogwiritsa ntchito mapepala okha. Apa ndiyamike mayi, amene analongedza kabirika kapulasitiki m'chikwama ine ndikuwaseka kuti tikuchititsa manyazi. Kabirika kameneko kanatisungira twahara masiku onse awiri. Udhu tinkachitira m'bafa, pakuti sinki inali yaitali kwa miyendo ya anthu a msinkhu wathu.

Chachitatu, Qibla. M'chipinda munalibe chizindikiro chilichonse. Kwathu sitivutika, pakuti timadziwa kuti tikayang'ana kumene nyanja yalowera, kumpoto, talunjika. Ku Blantyre n'chimodzimodzi: Makka ali kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa. Nkhungu itayera ndinaona pazenera phiri la Michiru kumanzere ndi la Ndirande kumanja, ndipo Qibla inagwa pakati pa mapiri awiriwa. Tinayala miswala yathu pamenepo. Popeza ulendo unapitirira makilomita 80 ndipo sitinalinge kukhala masiku anayi, tinali ndi chilolezo chofupikitsa Zuhr, Asr ndi Isha kukhala maraka awiriawiri monga atiphunzitsira mashehe athu. Chimene ndinachisowa kwambiri ndi azana. Mazenera a magalasi okhuthala aja salowetsa phokoso la galimoto, komanso salowetsa mawu a muazini. Wotchi ya pa foni ndiyo inatidzutsa pa Subuhi.

M'mawa wa Lachisanu tinatsikira ku chakudya. Tebulo lalitali linali lodzaza: mapapaya, nthochi, buledi wa mitundumitundu, phala, mazira, nyemba, ndi mbale zachitsulo zovundikira. Nditavundukula imodzi, fungo lokha linandiuza kuti ndibwerere m'mbuyo. Ndili chiimire choncho, woperekera zakudya wina, mnyamata wa zaka ngati 25, anandiyandikira nati chapansipansi, "Bwana, izi ndi izi musatenge." Kenaka anayang'ana kofia yanga, nayang'ana mayi, nasintha chilankhulo: "Ali uli, ambuje?" Anali mwana wa ku Namwera. Kuyambira pamenepo ubwana unatha, tinasanduka makolo ake. Anapita kukhitchini kukapempha kuti mazira athu akazingidwe m'chiwaya chotsuka bwino, pakuti kawirikawiri chiwaya chimodzi chimalandira zonse. Anatiuzanso kuti pa nkhuku ndi ng'ombe tisadalire mawu a pakamwa okha akuti ndi halaal, koma tipemphe kuona satifiketi, ndipo ngati mtima ukukayika tidye nsomba.

Mnyamata yemweyo ndiye anandilozera njira ya ku mzikiti wa m'tauni momwemo, ulendo wapansi. Pa Ijumaa ndinaima pamzere umodzi ndi amwenye eni masitolo, ogulitsa malonda m'misewu ndi anyamata a mataye ochokera m'mabanki a mu Victoria Avenue. Iye sanabwere. Madzulo anandiuza, maso ali pansi, kuti nthawi ya Ijumaa ndi imene alendo amadzaza kudzadya nkhomaliro, ndipo amapeza mpata Lachisanu limodzi kapena awiri pamwezi posinthana ndi mnzake wa Chikhristu amene iye amamugwirira Lamulungu. Sindinamudzudzule. Ndinaganiza za mwana wanga ku Joni, amene sindinamufunsepo kuti Lachisanu lake limatha bwanji.

Masana tinayenda pang'ono. Tinaona nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene anachimanga ndi njerwa zowotcha kuyambira 1888 mpaka 1891. Ambiri amadziwa kuti mzindawu unayamba ndi mishoni ya Askotishi mu 1876, nautcha dzina la mudzi umene anabadwira David Livingstone. Ochepa amakumbuka kuti amishoniwo anapeza derali lili m'manja mwa Kapeni, mfumu ya Chiyao, imene anthu ake anakhazikika cha ku phiri la Soche. Tsono ife a kunyanja si alendo kwenikweni mu mzinda umenewu. Phiri la Sochelo tinaliona lili ndi zipsera za pamene nthaka inagumukira nyumba za anthu a ku Chilobwe pa namondwe Freddy mu March 2023. Mayi anaima nawerenga dua, ndipo kwa kanthawi za hotelo zinatichoka m'mutu.

Pa chakudya chamadzulo tinaitanitsa chambo. Nditaona mtengo wake papepala ndinaseka ndekha, pakuti ndalama ya nsomba imodzi ija ikanatigulira ndiwo za sabata yathunthu kwathu. Komanso ndinakumbuka kuti ndili mnyamata chambo cha m'nyanja ya Malombe tinkachidya osachiwerengera, kufikira chinayamba kusowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero china chimene chimafika m'tauni n'choweta. Chinabwera pa mbale yoyera ndi kandimu pambali, pamodzi ndi mipeni ndi mafoloko okwana kulimira dimba. Mwana wa ku Namwera uja anangobweretsa beseni la madzi ofunda ndi nsima, ndipo tinadya ndi manja. Kunena zoona, chambo cha mayi chootcha pamakala chimaposa chimenecho kutali.

Koma pa tebulo pamenepo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo. Mayi akunyumba anali kudya nsima yotentha, atakhala pansi, moyang'anana ndi ine. Zaka 32 zonsezi iwo amaphika, napereka kwa ine ndi alendo pakhonde, nagawira ana, ndipo amadya pomalizira kukhitchini nsima itazizira, nthawi zina ali chiimire. Sindinadziwe n'komwe kuti amakonda mutu wa nsomba, pakuti mutuwo nthawi zonse umabwera m'mbale yanga. Atatha kudya anayamba kusonkhanitsa mbale kuti akatsuke, ndipo mnyamata uja anawagwira dzanja mwaulemu nati, "Amama, lero pumulani." Anakhala pansi manja ali pamiyendo, osadziwa kowaika. Usiku umenewo anakhala m'bafa la madzi otentha pafupifupi ola lathunthu, madzi amene sanatunge ndiponso sanawatenthetse ndi nkhuni zawo. Atatuluka anati, "Abambo, kodi anthu amakhala chonchi masiku onse?" Ndinalibe yankho, ndipo tulo tinachedwa kundipeza ngakhale bedi linali lofewa.

Loweruka m'mawa tinabweza kakhadi kaja. Mayi anatenga tisopo tiwiri ta m'bafa titafunsa kaye ngati n'kololedwa, kuti akapatse adzukulu, ndipo mnyamata wa ku Namwera anatipatsira kakalata ndi kandalama kuti tikapereke kwa mayi ake kudzera mwa wachibale wa pa boma. M'minibasi, titadutsa Liwonde kutentha kwa kwathu kutayamba kumveka, ndinawafunsa ngati akudandaulabe za malata. Anati malata akufunikabe mvula isanagwe.

Tinafika dzuwa litapendeka. Pambuyo pa Maghrib nsima inabwera pakhonde monga mwa masiku onse, mutu wa nsomba uli m'mbale yanga, ndipo mayi anatembenuka kubwerera kukhitchini. Ndinatuma mdzukulu kuti akatenge mpando wina ndi kuwaitana agogo ake. Anabwera akupukuta manja m'chitenje, nafunsa ngati mchere wachepa.