Musanamusinthire m'bale wanu mankhwala a m'maganizo

Abale anga a kwa Kawinga, ku Ntaja, ku Liwonde mpaka ku Balaka, pali funso lomwe osamalira odwala amandifunsa kawirikawiri: "Anamwino, bwanji osangomuyeza magazi tione ngati mankhwalawa akugwira?"

Ndimakumvetsani. Tinazolowera kuti malungo amaoneka pa kadontho ka magazi, ndipo ma ARV timawaona pa viral load. Koma matenda a schizophrenia, aja munthu amamva mawu oti ena sakuwamva, kukayikira aliyense ndi kulankhula zosagwirizana, alibe kuyeza kotero. Asayansi akufufuzabe. Pakadali pano makina athu ndi maso anu.

Chlorpromazine, haloperidol kapena risperidone amafuna masabata 4 mpaka 6, akumwedwa tsiku lililonse pa mlingo woyenera, tisananene kuti akanika. Chomwe chimandiwawa n'kuona banja litamusiyitsa pa sabata yachiwiri chifukwa akugona kwambiri kapena khosi lauma. Matenda amabwerera mwamphamvu, mbuzi n'kugulitsidwa kuti apeze thiransipoti ya ku Zomba Mental Hospital. Chonsecho kuumako kuli ndi mankhwala ake, benzhexol, ndipo woiwala mapilitsi angathe kumabayidwa jakisoni wa fluphenazine pafupifupi kamodzi pa mwezi.

Nanga magazi timayezeranji? Kuti tione ngati mankhwala sakuvulaza thupi. Ena amanenepetsa ndi kukweza shuga. Risperidone angathe kuimitsa msambo kapena kutulutsa mkaka mayi asakuyamwitsa. Si ufiti, kanenereni kuchipatala. Clozapine, yemwe akatswiri amapereka mitundu iwiri ikakanika, amafuna kuyeza maselo oyera a magazi sabata iliyonse kwa masabata 18 oyamba.

Ntchito yanu nayi. Lembani m'kope: akugona maola angati? Akudya? Akusamba yekha? Akupita kumunda? Mawu aja achepa? Wadumphitsa masiku angati? Akumwa mowa kapena kusuta chamba? Tengani kopelo pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo wodwalayo alankhule yekha, thupi ndi lake. Dokotala akaganiza zosintha, nthawi zambiri amachepetsa akale pang'onopang'ono uku akuyambitsa atsopano. Musabwereke mapilitsi a mnzanu.

Koma thupi likatentha kwambiri, minofu itauma, mutu utasokonezeka, musadikire tsiku la kiliniki. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tumizirani wina amene akusamala wodwala kunyumba.