Kalingono wa M'galasi

Ndinamupeza m'sitolo ina ya ziweto ku Johannesburg, ali gone pamchenga ngati wafa. Pagalasi anamatapo kapepala: Nimbochromis livingstonii. Ine ndinangoti, "Uyutu ndi kalingono!" Wogulitsa anali asanalimvepo dzinali. Mtengo wake sindinawauze bambo anga mpaka lero. Iwo akalambira m'bwato ku Nkhotakota, ndipo nsomba ngati iyi ikakodwa mu ukonde amangopatsa ana kuti akaotche.

Kalingono sathamangitsa chakudya chake. Thupi lake n'loyera la mawangamawanga, ndiye akagona cham'mbali pansi pa nyanja amaoneka ngati nsomba yoyamba kuwola. Tinsomba tikabwera kudzajompha mtembowo, amadzambatuka n'kumezapo kamodzi. Zimenezi ndinkazidziwa bwino. Komabe ndinamuika pamodzi ndi timbuna tanga tisanu, ndikudzinamiza kuti nsomba yobadwira m'thanki, yozolowera chakudya cha m'kabotolo, inaiwala za kwawo. Patatha masabata awiri tinatsala titatu. Mkazi wanga ankangowerenga m'mawa uliwonse, osanena kanthu.

Ndinamugulira thanki yakeyake yaikulu, poti akakula amafika masentimita 25. Koma chintchito chili pamadzi. Nyanja ya Malawi sizizira ngati kuno, choncho hita iyenera kusunga madzi pa madigiri 25 kapena 26 usana ndi usiku, pampu nayo osapuma.

Usiku wina mu Julayi magetsi anazima. Ndinafunditsa thanki bulangete lathu, n'kuviikamo mabotolo a madzi ofunda amene ndinkatenthetsa pa gasi. Ndinkatunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, mpaka mkono unachita dzanzi. Kunja kutacha, madzi anali atatsika kufika pa 19, ndipo iye anali gone cham'mbali pamchenga.

Nsomba ina iliyonse ikagona choncho umadziwa kuti zatha. Nanga iyi? Ndinagwada, mphuno pagalasi, kuyang'ana ngati pakamwa pakusuntha. Mwana wanga wamkazi, atavala kale yunifolomu, anati, "Adadi, akunamizira." Sindinamuyankhe. Ndinaponyamo chakudya, chinamira n'kukagwera pafupi ndi mutu wake. Iye phee. Kuntchito ndinaimba kuti ndichedwa, osatchula chifukwa. Munthu wamkulu unganene kuti ukudwazika nsomba?

Magetsi anabwera cha m'ma 10 koloko. Pampu inayamba kulira, kanyali ka hita kanayaka. Patapita kanthawi diso lake linatembenuka, n'kundiyang'ana. Kenako anadzuka mwaulesi, n'kudzikutumula mchenga.

Madzulo ndinawaimbira bambo n'kuwafotokozera zonse, za bulangete ndi mabotolo zomwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa:

"Ndiye wakula mokwana kuotcha?"