Nkhondo inanditsata mpaka ku Kanyama

Anzanga amene munavula yunifolomu koma simuona tulo, ndikulankhula ndi inu.

Mu Meyi 2000 ndinali m'gulu la asilikali a Zambia ku Sierra Leone, pansi pa gulu losungitsa mtendere la UNAMSIL. Zigawenga za RUF zinatigwira pa njira ya ku Makeni, n'kutilanda mfuti ndi zovala. Tinamasulidwa kudzera ku Liberia. Kwathu anati tithokoze Mulungu, zatha. Kwa ine zinali zisanathe.

Nditapuma ntchito tinakhazikika ku Kanyama. Usiku ndinkadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Chitseko chikamenyeka, ndinkagwa chafufumimba. Ana ankandithawa chifukwa cha ukali. Kachasu yekha ndiye ankandigoneka, ndipo penshoni inathera komweko.

Usiku wina m'dzinja madzi analowa m'nyumba, monga amachitira m'komboni mwathu. Mkazi wanga akukapa madzi ndi ndowa, ine ndili chete pampando, ndikuganiza kuti banjali lipepukidwa ndikachoka. Sindinkalira. Mtima unali zii, ndipo mpaka lero kuzizira kumeneko ndi kumene kumandiopsa. Ndinaitana mwana wamkulu, n'kumusonyeza pamene pali mapepala a nyumba. Mayi ake anamva. Anasiya ndowa, n'kundifunsa mosapsatira: "Bambo a ana, kodi mukufuna kudzipha?" Ndinafuna kukana, koma pakamwa panatuluka inde. Sanagone, anakhala nane mpaka tambala.

Kutacha ananditengera ku chipatala cha Chainama. Ndinkaopa dzinalo, poti timamva kuti n'kwa amisala, ukalowa sutuluka. Koma sanandigoneke. Dokotala anandimvetsera, n'kundiuza kuti ndi matenda ovutika maganizo pamodzi ndi PTSD, amene amagwira ambiri oona zoopsa. Anandipatsa mankhwala, n'kundichenjeza kuti amatenga masabata kuti ayambe kugwira. Tinalemba papepala zizindikiro zoti zinthu zikuipa, anthu owaimbira, ndi nambala yaulere ya Lifeline, 933. Mkazi wanga anachotsa m'nyumba chilichonse chimene ndikanadzivulaza nacho.

Ndinkapita kukaonana ndi mlangizi, madzulo n'kubwerera kwathu pa minibasi. Kwa mlangiziyo ndinanena za ku Makeni koyamba. Mowa ndinaubwererapo, koma anandilandirabe.

Ndikuthokoza Mulungu, madokotala ndi mayi uja amene sanaope kufunsa. Maloto amabwerabe, koma mwakamodzikamodzi. Tsiku langa lobwereranso kuchipatala layandikira, ndipo ndikupita ndi mnzanga wa ku Matero amene wavomera kukaonedwa.