Njere Zonunkhira za mu Msika wa Yerusalemu

Munthu akamva dzina la Yerusalemu, maganizo ake amathamangira ku Phiri la Azitona, ku Getsemane ndi ku Gologota. Ifenso tidanyamuka kwathu ndi mtima womwewo. Koma lero, awerengi okondedwa, tifuna kupita nanu pamalo pamene alendo ambiri amangodutsa mwaliwiro, ndipo pamenepo ndi pamsika wa zonunkhira.

Tidalowa mumzinda wakale pa Chipata cha Damasiko, chimene chidamangidwa mu 1537 m'masiku a Suleiman, mfumu ya ku Turkey. Kuchokera apo tidatsata kanjira kopanikiza, koyalidwa miyala, mpaka ku Suq al-Attarin, ndiko kunena kuti msika wa ogulitsa zonunkhira. Msikawo ngwofolera pamwamba, ndipo mphuno ndiyo imayamba kudziwa kuti mwafika maso asanaone kanthu.

M'sitolo ina nkhalamba ya Chiarabu idatilandira ndi tiyi wachikasu, wotsekemera pang'ono ngakhale mudalibe shuga. Titafunsa chinsinsi chake, idatapa m'botolo tinjere totuwa, tosafika ndi pa njere ya mpunga. Aluya amatitcha yansun, Angerezi amati anise, ife tingoti anisi.

Chomera chake chimakhala nyengo imodzi yokha, chimatalika ngati theka la mita, ndipo chimachita maluwa oyera oyanzika ngati ambulera. Kwawo kwenikweni ndi maiko a kum'mawa kwa Nyanja ya Mediterranean, ndipo ku Egypt adayamba kuchilima Ambuye wathu asanabadwe.

Amayi a kumeneko amathira njerezi m'mabisiketi ndi m'buledi. Aroma akale ankadya timakeke ta anisi pomaliza phwando kuti chakudya chigayike bwino. Tiyi wake amamwa akatupidwa, m'mimba mukadzaza mpweya, kapena akamatsokomola, ndipo mayi amene wangochira kumene amamuphikira tiyi yemweyo. Ena amakometsera nazo kachasu wawo wotchedwa arak. Ameneyo tidangomumvera mbiri, poti ndife anthu a Mpingo.

Apa makolo tichenjere. Tiyi wotere ndi wothandiza pa zovuta zazing'ono, koma salowa m'malo mwa chipatala. Khanda losakwana miyezi 6 liyenera kuyamwa bere lokha. Palinso chipatso china chonga nyenyezi, chochokera ku China, chimene fungo lake ndi lofanana ndi la anisi. Mtundu wina wa chipatsocho, wa ku Japan, uli ndi ululu, ndipo mu 2003 boma la America lidachenjeza anthu za tiyi wa zipatso zimenezi, ana ena atakomoka nawo.

Za kasungidwe nkhalambayo idatilangiza mwachifatse. Fungo la anisi lili m'mafuta obisika m'kati mwa njere, ndipo adani a mafutawo ndi anayi: mpweya, dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Choncho mugule njere zathunthu zouma, muziike m'botolo lotseka bwino, pamalo amdima ndi ozizira, ndipo musinje zokhazo zimene mufuna tsiku limenelo. Chikwatu cha mfutso chimakhala bwino kutsindwi pamwamba pa moto, koma anisi kumeneko angatheretu mphamvu.

Mnzathu wina paulendowo adaona kusinja kukhala chintchito, nagula ufa wosinjasinja m'kapepala. Atafika kwawo adauika pawindo la kukhitchini. Dzinja lisanathe ufawo udasanduka fumbi chabe, pamene njere zathu za m'botolo zidali kununkhirabe chaka chitatha.

Usiku wa tsiku la kumsikalo tidawerenga Mateyu 23:23. Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 limatchula anisi pavesi limeneli, ngakhale mawu a Chigriki amanena za katsabola, mbale wake wa anisi. Afarisi ankawerenga tinjere totere mosamala kuti apereke chakhumi, koma chilungamo, chifundo ndi chikhulupiriro adazitaya. Ambuye sadawadzudzule chifukwa chosamala zazing'ono, koma chifukwa choiwala zazikulu.

Tsono inu amayi ndi abambo, ngati kanjere kakang'ono kafuna botolo lotseka kuti kasasukuluke, nanga mitima ya ana athu tikuisunga motani? Ndipo inu achinyamata, kumbukirani ufa uja wa pawindo.