Gondolosi wa pa Lizulu: tikumba mpaka liti?

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 akudziwa kuti pa Lizulu m'boma la Ntcheu sipadutsika chimanjamanja. Mbali ino ndi Malawi, kungowoloka tala uli ku Mozambique. Basi ikangoima, mbatatesi, kabichi ndi tomato zimafika pawindo usanaitane n'komwe.

Koma ine chimene chinandiimitsa pamsikawu ndi timitolo ta gondolosi, muzu uja abambo amagula akuyang'ana kumbali, ati umabwezera mphamvu m'nyumba. Mnyamata wina wogulitsa anandiuza mosabisa: "Achimwene, kale timakumba kuseri kwa mudzi. Pano ndi ulendo wa tsiku lonse."

Nkhani yagona pamenepo. Wothyola masamba amasiya mtengo wamoyo, koma wokumba muzu amapha chomeracho. Ndipo mukakweza maso ku mapiri a Dzonzi ndi Mvai, kumene kuli damu la Mpira, muona kuti nkhwangwa za amakala nazo sizikugona.

Ku KwaZulu-Natal ku South Africa gondolosi, amene kumeneko amati umondi, anakumbidwa mpaka kusowa m'tchire. Mu 1998 akatswiri a kumeneko anafalitsa njira yomuchulukitsira m'mabotolo, imene azungu amati tissue culture. Amadula kachidutswa ka chomera, n'kukaika m'botolo lopanda tizilombo momwe muli shuga, mchere ndi timankhwala tophukitsa. Kachidutswako kamabala mphukira zambiri, iliyonse n'kudzasanduka mbande.

Ena anapitirira apo. Salimanso chomera ayi, amangoweta maselo ake m'mathanki kuti azitulutsa mankhwalawo. Ku Japan kampani ya Mitsui inayamba kupanga shikonin motere mu 1983. Ku Germany kampani ya Phyton imapanga paclitaxel, mankhwala a khansa amene poyamba ankachokera ku makungwa a mtengo wa yew, m'mathanki ofika malita 75,000.

Komatu tisanamizane, abale. Mathanki otere amafuna ndalama zankhaninkhani ndi magetsi osazimazima, ndipo si chomera chilichonse chimene maselo ake amavomera kupanga mankhwala m'botolo. Ngakhale kaduwa ka periwinkle kamene kamamera pakhomo pathu, gwero la vincristine wothandiza ana odwala khansa, kamafunabe kulimidwa m'munda.

Chimene tingakwanitse ife ndi mbande. Ku Bvumbwe Research Station ku Thyolo luso lochulukitsa mbatatesi ndi nthochi m'mabotolo lilipo kale, ndipo alimi a ku Tsangano akudziwa kusiyana kwa mbewu yopanda matenda ndi yotola pamsika. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti gondolosi naye alowe m'botolo, atuluke mbande, ayange m'mitengo ya m'minda ya ku Ntcheu?

Akuluakulu a zaulimi ndi a zankhalango, nkhaniyi ndi yanu. Tikazengereza, anyamata a pa Lizulu adzatsala ndi makasu okha, chokumba palibe.