Ndimawerenga Anthu Oyenda Pansi

Ntchito yanga ndi kuima m'mbali mwa misewu ya Lusaka ndi pepala, cholembera ndi kachipangizo koyezera liwiro la galimoto. Ndimalemba kuti awoloka angati, awolokera pati, nthawi yanji, ndipo magalimoto amathamanga bwanji. Tsamba lililonse ndimaligawa m'zigawo za mphindi 15, oyenda pansi paokha, apanjinga paokha, ana asukulu paokha.

Pa Great East Road, cha ku Chelstone, ndimafika kusanache. Oyamba kudutsa ndi anyamata a njinga za makala ochokera mbali ya ku Chongwe, matumba atasanjikizana kuposa mitu yawo. Woyamba kuwerenga dzuwa litatuluka sawaona anthu amenewa, ndipo wojambula msewu muofesi angaganize kuti njinga kulibe.

Apolisi amalemba ngozi, a bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RTSA n'kusonkhanitsa ziwerengerozo, ndipo nzothandiza kwambiri. Koma zimangosonyeza pamene magazi anakhetsedwa kale. Sizinena za agogo amene anadikira nthawi yaitali mpaka kubwerera osawoloka, kapena za mwana wa ku Kabwata amene amadutsa Burma Road mothamanga m'mawa uliwonse n'kupulumuka. Ndiye ine ndimayang'ananso pansi. Pamene udzu wafa ndipo mapazi apanga kanjira m'fumbi, anthu anena kale pomwe akufuna kuwolokera, ndipo ndimajambula malowo pamapu anga.

Kabulonga ndi Woodlands amandipweteka mtima. Kunja kwa mipanda kuli kapinga wothiriridwa bwino, koma amayi ndi abambo ochokera ku Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni, amene amaphika, kulima maluwa ndi kulondera m'nyumba zimenezo, amayenda pakati pa ngalande ndi phula m'misewu yambiri. Mvula ikagwa, m'mbali monse mumakhala matope, ndiye onse amakwera pa phula, m'njira ya magalimoto. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti tiziwerenganso nthawi ya dzinja.

Milatho ya magalimoto ya pa Munali, Arcades, Longacres ndi Makeni inachepetsa kuthithikana kwa magalimoto. Milatho ya oyenda pansi, ngati wa pa Manda Hill, ilipo, koma mayi wobereka mwana atasenza katundu, munthu wa pa chikuku ndi wa njinga ya makala amavutika ndi chitunda. Ine ndimakonda malo owolokera otukulidwa, okhala ndi mahampu, okakamiza dalaivala kutsika mpaka makilomita 30 pa ola. Pa liwiro limeneli ambiri ogundidwa amakhala ndi moyo.

Mu 2019 boma la Zambia linatulutsa ndondomeko yosamalira oyenda pansi ndi apanjinga, ndipo izi zisanachitike bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la Amend linali litakonza kale malo owolokera pa sukulu ya pulaimale ya Justin Kabwe litayamba layeza msewuwo. M'lipoti lililonse lomwe ndimapereka kwa mainjiniya ndimapempha chinthu chosalira ndalama zambiri: ngalande zivundikiridwe ndi masilabu a simenti kuti pamwamba pake pakhale poyenda anthu, kuyambira m'misewu yopita kusukulu.